Suti ya ukwati wa mu Okutobala: yambirani pa mapewa

Aphwanga, mwati ukwati wanu uli mu Okutobala, ndalama ndi zochepa, ndiye mukufunsa ngati mugule suti yatsopano m'masitolo a ku Kamwala mu Lusaka, musankhe pa salaula (zovala zovalidwapo kale) kapena musoketse, komanso mmene mungaisungire ukwati ukadutsa. Bambo anga anali telala, ndinakula ndikuwagwirira tepi, choncho ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Kulikonse kumene mugule, yambirani pa mapewa. Telala akhoza kufupikitsa manja, kubweza m'chiuno, kupinda buluku, koma mapewa akakula kapena kuchepa ndiye kuti aphwasule pafupifupi jekete lonse, ndipo ambiri amakana. Msoko wa paphewa uthere pomwe phewa lanu lathera. Mukavala, tsamirani khoma cham'mbali pang'onopang'ono. Jekete likayamba kukhudza khoma mkono wanu usanafike, ndi lalikulu, lisiyeni ngakhale wogulitsa alumbire kuti mwatchena. Kenako mangani batani lapamwamba. Nsalu ikakokana pamimba n'kupanga X, lathina. Batani lam'munsi silimangidwa, ndipo mukafuna kukhala pansi muzimasula lapamwambalo.

Manambala asakusokonezeni. 38, 40 kapena 42 ndi mainchesi a chifuwa chanu, S ndi ya munthu wamfupi, R wapakatikati, L wamtali. Pa salaula mupeza zina zolembedwa 48, 50, 52. Amenewo ndi masaizi a ku Europe, mungochotsapo 10, ndiye 50 ndi 40 yathu ija.

Tsono nsalu. Okutobala wa mu Lusaka mukumudziwa, masana kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo inu mudzakhala mutavala kuyambira kutchalitchi mpaka madzulo. Masuti ambiri otsika mtengo ndi a polyester, sapitisa mphepo, thukuta limangotsalira m'kati. Ubweya wa nkhosa wopyapyala ndiye umapitisa mphepo, komanso makwinya ake amatha okha mukaupachika. N'chifukwa chake ine salaula sindiinyoza. Ku msika wa Soweto kapena ku City Market, mutalawirira ndi kuleza mtima, mukhoza kutola suti ya ubweya yoposa yatsopano ya mtengo womwewo. Werengani kachikwangwani ka m'thumba lam'kati. Tulukani nayo panja, muikweze padzuwa muone ngati njenjete sizinaboole. Onani m'khwapa ngati nsalu yam'kati sinang'ambike, ndi kumbuyo kwa buluku ngati sikunayambe kunyezimira. Pachifuwa pakakhala timatuza, ndiye kuti guluu womata nsalu yolimbitsa wamatuka, ndipo zimenezo sizikonzeka. Buluku ndi jekete muziyandikizanitse pomwepo panja, poti pansi pa malata mitundu iwiri yosiyana imaoneka ngati umodzi.

Mtundu, ine ndingasankhe wa buluu wakuda kapena wotuwa ngati makala. Mudzaivalanso kutchalitchi, pofunsira ntchito, ngakhale pamaliro. Yoyera ija imakongola pazithunzi, koma mudzaivala kangati?

Kusoketsa n'kwabwino ngati telalayo akuonetsani jekete lenileni limene anasoka, osati zithunzi za pafoni. Si aliyense wosoka madiresi a chitenge amene amatha kolala ya jekete. M'patseni mwezi wathunthu, ndipo mukayese kawiri.

Musathere ndalama zonse pogula, musiyeko za telala. Popita kwa iye mutenge shati ndi nsapato zimene mudzavale tsikulo, kuti buluku lingokhudza pamwamba pa nsapato ndipo mkono wa shati uzionekera ngati sentimita imodzi. Chonde, kansalu ka dzina kosokedwa pamkono muchotse, pamodzi ndi ulusi wopingasa umene umatseka mpata wa kumbuyo. Mtima umandiwawa ndikaona mkwati akulowa m'tchalitchi zimenezi zili pomwepo.

Ukwati ukatha, musaiponye mu wadilopu nthawi yomweyo. Tulutsani zonse m'matumba, ipachikeni pamthunzi podutsa mphepo tsiku lathunthu, muichotse fumbi ndi bulashi yofewa. Hang'ala ikhale yamtengo, yokhuthala m'mapewa. Yawaya ija imasiya tinyanga. Suti sichapidwa m'beseni, ndipo ku dry cleaner izipita pokhapokha yadadi, chifukwa mankhwala ndi kutentha kwa kumeneko zimaikalambitsa msanga. Ikabwerako, vulani pulasitiki ija. Mvula ikayamba mu Novembala, pulasitiki imasunga chinyezi ndipo suti imachita nguwi, makamaka ngati wadilopu yatsamira khoma lonyowa. Thumba lansalu, kapena shiti yakale yoyera, ndiye zoyenera. Njenjete zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta, choncho muzisunga yaukhondo, ndipo mwezi uliwonse muziitulutsa ipitidwe mphepo.

Posita, yalani kansalu konyowa pamwamba, simbi isakhudze suti mwachindunji, apo ayi inyezimira ndipo sizibwerera. Magetsi akazima m'mawa wa ukwati, musathamangire simbi yamakala, kakhala kamodzi kokha kaboola buluku. Muisitiretu kukadali masiku awiri, ipachikidwe.