Kodi alipo amene anayamba kusambira atakula kale?

Mayi wina wa zaka 43 wanditumizira kalata pa imelo yofunsa kuti: "Ndikaona akuluakulu anzanga akusambira mosavutika ndimaganiza kuti onsewo anaphunzira ali ana. Kodi alipo amene anayamba atakula kale, nanga chinawachititsa n'chiyani? Ine madzi akangondifika m'chiuno ndimayamba kunjenjemera."

Mayi, anthu otere alipo ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndine. Muyambe mwadziwa kuti kusadziwa kusambira si chinthu chachilendo ayi. Kafukufuku amene bungwe la Gallup linachita mu 2019 m'mayiko 142, mothandizidwa ndi Lloyd's Register Foundation, anapeza kuti anthu 55 mwa 100 alionse a zaka 15 kapena kuposa sangathe kusambira popanda chowathandiza, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi.

Mwa anthu amene ndacheza nawo m'mbali mwa dziwe losambiramo, ndi ochepa kwambiri amene analowa m'madzi chifukwa chowakonda. Ambiri anachita kukakamizika, ndipo chikondicho chinabwera pambuyo. Amene ndimakumana nawo kawirikawiri ndi aja anatumizidwa ndi dokotala chifukwa cha msana, bondo kapena chiuno, pomwe kuthamanga ndi kuyenda mtunda wautali zinali zitawakanika. Madzi amanyamula thupi: munthu akaima m'madzi ofika m'chiuno miyendo yake imasenza pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo madziwo akafika m'khosi imangosenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Komanso madzi ndi olemera kuposa mpweya kuwirikiza pafupifupi ka 800, choncho minofu imagwira ntchito yaikulu pamene mafupa sakugundidwa. Umu ndi mmene anayambira mayi Mieko Nagaoka a ku Japan, amene anapita kudziwe ali ndi zaka za m'ma 80 pofuna kuchiza bondo. Mu 2015, ali ndi zaka 100, anasambira chagada mamita 1,500 mumzinda wa Matsuyama kwa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 16.

Ine chinandilowetsa m'madzi ndi mantha. Ndinali ndi zaka 36 pamene mwana wanga wa zaka 5 anaterereka n'kugwera mbali yakuya ya dziwe ine ndikuona. Sanakuwe ngakhale pang'ono, ndipo sanamenye madzi monga momwe ndinkaganizira kuti munthu womira amachitira. Ndinangoona kamutu kake katapendekera kumbuyo, pakamwa pakutuluka ndi kulowanso m'madzi, maso ali tong'o. Ndinaima m'mphepetemo miyendo italemera, podziwa kuti ndikadumphira tikhala anthu awiri ofunika kuvuulidwa, mpaka mnyamata wina amene sindinkamudziwa anamukokera pamtunda. Usiku umenewo sindinagone, ndipo sabata yotsatira ndinakalembetsa maphunziro. Makolo ambiri amene ndinaphunzira nawo anabwera ndi nkhani zofanana ndi imeneyi, ndipo mantha awo ndi omveka, poti bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo ana aang'ono ndiwo ali pangozi yaikulu.

Aliponso ena amene amakopeka ndi mpikisano. Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea anali atangophunzira kwa miyezi yowerengeka m'dziwe laling'ono la pahotelo pamene anasambira mamita 100 pa masewero a Olimpiki ku Sydney mu 2000, ali ndi zaka 22, ndipo anamaliza movutikira pa mphindi imodzi ndi masekondi 52. Palinso mipikisano ya akuluakulu yotchedwa Masters, imene inayamba mu 1970 ku Amarillo m'dziko la United States, ndipo pa mipikisano yake ya mayiko onse a padziko lapansi anthu a zaka 25 kupita m'tsogolo amapikisana ndi amsinkhu wawo okhaokha.

Tsono pa nkhani ya mmene anthuwa anayambira, ine ndikuona kuti chimene chimatchinga munthu wamkulu si msinkhu koma manyazi pamodzi ndi kuumitsa thupi. Tsiku langa loyamba ndinaima m'madzi ofika pachifuwa nditagwiritsitsa khoma mpaka zala kuwawa, kwinaku ana a zaka 7 akundidutsa mbali zonse, ndipo ndinkangoona ngati aliyense akundiyang'ana, pamene zoona zake n'zoti aliyense anali wotanganidwa ndi mpweya wake. Mphunzitsi sanandiuze zopalasa madzi kapena kumenya miyendo. Anandiuza kuti ndimize nkhope n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka ndimve madzi akubwata m'masaya, kenako ndidzutse mutu ndi kukoka mpweya ndi pakamwa. Zimenezi ndinachita kwa masabata 3 ndisanasambire ngakhale mita imodzi, ndipo poyamba ndinkadandaula kuti akunditayitsa nthawi. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti munthu wamantha amabanika mpweya n'kudzutsa mutu, ndipo mutu ukakwera chiuno ndi miyendo zimamira, zomwe zimawonjezera mantha omwe aja. Tsiku limene ndinagona chagada, makutu ali m'madzi, mphunzitsi n'kuchotsa dzanja lake kunsi kwa msana wanga ine osadziwa, ndi limene ndinakhulupirira kuti mapapo odzaza mpweya amayandamitsa munthu.

Kunjenjemera kumene mwatchulako musakubise, Mayi. Funafunani maphunziro a akuluakulu okhaokha pa dziwe limene pali wopulumutsa anthu, ndipo muuzeni mphunzitsi tsiku loyamba lomwelo kuti madzi akafika m'chiuno mumaopa, kuti akuyambitsireni pamalo osaya pomwe mapazi anu akuponda pansi. Musayeseze nokha pamtsinje kapena panyanja, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena matenda akugwa, muyambe mwaonana ndi dokotala musanalembetse.