Amayi akamwa mankhwala a chifuwa, shuga amakwera

Funso: Adokotala, amayi anga a zaka 64 ali ndi shuga ndipo amamwa metformin. Amabanikanso kawirikawiri, akuti mapapo anaonongeka ndi utsi wa nkhuni. Kukazizira mu June amawapatsa prednisolone, koma shuga amakwera mpaka 300. Kodi ndiwaletse mankhwalawa? Ndine mwana wawo, ku Dedza.

Yankho: Achemwali, mwaona bwino. Prednisolone amaphwetsa kutupa kwa njira za mpweya, koma amakwezadi shuga, makamaka masana ndi madzulo ngati amwedwa m'mawa. Choncho mukamayeza m'mawa mokha asanadye, mudzanamizika. Yezaninso madzulo.

Koma musawaletse nokha. Munthu wobanika amafunika kupuma kaye. Nthawi zambiri mankhwalawa timapereka a masiku 5 okha, ndipo shuga amatsika akatha. Pa masiku amenewa tingawonjezere mankhwala a shuga, mwinanso jakisoni wa insulin kwa kanthawi. Chimene chimandipweteka mtima n'kuona agogo akugula okha prednisolone n'kumamwa miyezi chifukwa "amawathandiza". Ndawaona ambiri otere: nkhope yatupa, bala la kuphazi silikupola, shuga sakumva mankhwala. Ngati amayi afika pamenepo, kusiya mwadzidzidzi n'koopsanso. Abwere tiziwachepetsera pang'onopang'ono.

Funsani za mankhwala opopera. Beclomethasone wa tsiku ndi tsiku amapita m'mapapo mwenimwenimo, sasokoneza shuga ngati mapiritsi. Azichukucha m'kamwa akapopera, kupewa zilonda zoyera pa lilime. Salbutamol, uja wa buluu, amanjenjemeretsa manja ndi kugunditsa mtima, zofanana ndi shuga akatsika. Musathamangire kuwapatsa Sobo, yezani kaye. Makina oyezera shuga akasowa, pamenepo apatseni chotsekemera.

Tsiku limene abanika kwambiri, akusanza kapena sakudya, metformin aimitsidwe ndipo muthamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Buku la kuchipatala likhale limodzi. Ena amasunga awiri, la shuga ndi la chifuwa, ndiye ife timalemba mankhwala tisakudziwa zimene mnzathu analemba. Ndikudziwanso kuti ku Dedza kumazizira, koma mbaula isalowe m'chipinda chogona, ndipo kuphika kuzichitikira panja.

Chomaliza, ndipo musachizengereze: shuga amachulukitsa pafupifupi katatu chiopsezo cha TB. Chifuwa chikasintha, akamatuluka thukuta usiku kapena kuwonda, musangoti ndi chifuwa chawo chakale chija. Akayezetse makhololo sabata yomweyo.