Andipatsa ntchito yolemba maminitsi, bambo akuti ndisiye

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu pa maphunziro a ICT. Miyezi inayi yapitayo adalowa gulu la anthu ongodzipereka amene amakonza pulogalamu ya pakompyuta ya open source, kutanthauza kuti code yake (malangizo olembedwa oiyendetsa) ndi yotseguka kwa aliyense, ndipo amakumana pa Jitsi, pochitira misonkhano ya pavidiyo pa intaneti, Lachinayi lililonse. "Sindinalembepo code yoti ailandire," akutero, "koma andipempha kuti ndizilemba maminitsi a misonkhano. Bambo akuti amandilipirira fizi kuti ndidzakhale injiniya, osati kalaliki wosalandira kanthu. Kodi ndikungotaya nthawi ndi bandulo?"

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka, amangosiyana dzina la gulu.

Ndiyambe ndi inu bambo. Ku banki m'khonde ndalama zikasokonekera, anthu onse amathamangira kwa ndani? Kwa mwini kope. Ndiye bwanji mwana wanu akagwira kope mukuti wadzitsitsa? Mwamutumiza kusukulu, msiyeni aphunzire momwe ntchito yakeyo imayendera masiku ano. Mumupanikize pa magiredi, apo sindikuletsani.

Tsono iwe mwanawe. Magulu amenewa ali ndi anthu omwazikana dziko lonse, ndipo msonkhano ukamachitika ena ali mtulo, ena ali kuntchito, ena magetsi awathimira. Anthu amenewa amadziwa zomwe zagwirizanidwa kudzera m'zolemba zako basi. Ndi chifukwa chake mapulojekiti akuluakulu sachita nazo masewera. A pulojekiti ya Debian akakumana pa IRC, pochezera polemberana pa intaneti, amagwiritsa ntchito kamakina kolemba maminitsi kotchedwa MeetBot: munthu akalemba #agreed ndiye kuti mfundo yamangidwa, akalemba #action ndiye kuti ntchito yapatsidwa mwini wake, ndipo pa #endmeeting kamakinako kamatulutsa chidule chosonyeza amene wasenza chiyani. A pulojekiti ya Kubernetes amaika mavidiyo a misonkhano yawo pa YouTube, komabe amasunganso zolemba mu Google Docs, poti palibe amene angaonere vidiyo ya ola lathunthu pofuna chiganizo chimodzi.

Koma apa ndikudzudzule. Maminitsi amene wanditumizira ndawawerenga, masamba atatu, ndipo ndi nthano. Uyu anati, uja anayankha, wina anaseka. Pali mzere wakuti "Takambirana za vuto la polowera mu akaunti." Mwakambirana, ndiye zatha bwanji? Ukanalemba kuti gulu lagwirizana kubwerera ku njira yakale yolowera chifukwa yatsopanoyo ikukanika pa mafoni akale, wokonza ndi uje, dzina lake la pa GitHub (posungira code pa intaneti) ndi ili, abweretse pofika Lachinayi likubwerali, linki ya issue (tsamba pomwe vutolo lalembedwa) ndi iyi. Mawu akuti "chifukwa" usamawasiye. Pakadzatha miyezi isanu ndi umodzi wina watsopano adzabwera ndi ganizo lomwe mudalikana kale, ndipo gulu lidzakanganirananso nkhani yomweyo ngati palibe polembedwa chimene mudalikanira. Zomwe zalephereka kugwirizana uzilembenso, poyera, kuti zatsalira.

Nthawi uzilemba mu UTC, nthawi imene dziko lonse limawerengerapo. 15:00 UTC ndi 5 koloko madzulo kuno kwathu. Tsegula Etherpad kapena HackMD, masamba a pa intaneti olembapo anthu ambiri nthawi imodzi, msonkhano usanayambe kuti anzako azikuthandiza kukonza pompopompo, ndipo utumize tsiku lomwelo, osati Lamlungu mutu utaiwala. Zisungidwe pamalo amodzi pomwe aliyense angazipeze, osati mufoni mwako. Ngati sunamve dzina la chinthu, funsa pamsonkhano pomwepo. Mlembi ali ndi ufulu wodula anthu pakamwa n'kunena kuti, "Pepani, ndilembe kuti tagwirizana chiyani?" Funso limeneli lokha limakakamiza akatswiri kumanga mfundo, ndipo iwe umaphunzira momwe amaganizira.

Kumapeto kwa kalata yako wanena kuti ukuyembekeza kuti akakuzolowera adzakutenga ku Google Summer of Code, pulogalamu ya Google yolipira anthu atsopano kuti alembe code m'mapulojekiti a open source. Chotsa zimenezo m'mutu. Pulogalamu imeneyi, yomwe idayamba mu 2005, imafuna proposal yogwira mtima ndi umboni woti ungathe kulemba code. Outreachy, pulogalamu ina yofanana nayo, imalipira madola 7,000 pa miyezi itatu ndipo ina mwa mapulojekiti ake ndi a zolembalemba, koma nako anthu amalimbirana kwambiri ndipo amayang'ana zomwe wachita pa pulojekiti imene ukufunsirayo. Kukoma mtima kokha sikulowetsa munthu. Ndaona ophunzira akubisala ku maminitsi chaka chathunthu poopa kuti code yawo ikasekedwa, ndipo miyezi inayi yopanda pull request (code yomwe watumiza kuti gulu liilandire) ngakhale imodzi ikundinunkhira zomwezo.

Pitiriza kulemba, pakuti waiyamba kale ndipo chilankhulo chako n'chomveka. Koma pa mndandanda wa ntchito za msonkhano wa Lachinayi likubwerali ndikufuna mzere umodzi ukhale ndi dzina lako, ngakhale kukhale kukonza kabug, kavuto kakang'ono ka mu code. Pakatha miyezi itatu wina alandire kope, muzisinthana. Za bandulo, zimitsa vidiyo, uzingomvera mawu okha.