Auzeni aphunzitsi za matenda a shuga a mwana wanu

Mayi, mwafunsa ngati nkoyenera kuwauza aphunzitsi kuti mwana wanu wa Sitandade 4 ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya jakisoni wa insulin, poti mukuopa kuti anzake azimuseka. Auzeni ndithu, ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi yake yemwe. Kusekedwa nkochepa poyerekeza ndi shuga kutsika m'magazi mwake ali m'kalasi popanda wodziwa chochita.

Afotokozereni zizindikiro zake: kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, kubalalika mutu kapena kukwiya popanda chifukwa. Chomvetsa chisoni nchakuti ena amayesa mwano, mwana nkulandira chibalo m'malo mwa thandizo. Aphunzitsi akaona zizindikirozi, kapena kamakina koyezera shuga m'magazi kakasonyeza pansi pa 70 mg/dL, amupatse masupuni aang'ono atatu a shuga wosungunula m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta. Pakatha mphindi 15 ali bwino, adye buledi kapena nthochi. Ngati sizikusintha, abwerezenso shugayo. Akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Amugoneke cham'mbali nkuthamangira naye kuchipatala.

Masiwiti asamasowe m'chikwama mwake, makamaka tsiku la masewera. Kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi azimulola osachita kupempha kawiri. Za phala la kusukulu, kafunseni kuchipatala kuti ligwirizane ndi nthawi ya jakisoni.