Ikani ma disc kutsogolo kokha, kumbuyo kusiyeni

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti Land Rover yanu ya Series III, 109 ya 1978, imakokera kumanzere mukaponda buleki, ikawoloka madzi mabuleki sagwira, ndiye mukufuna kuchotsa ma drum mawilo onse anayi n'kuikamo ma disc. Ine ndikuti sinthani kutsogolo kokha. Ndipo musanatulutse dola ngakhale imodzi, yambani mwatsegula ma drum muone m'katimo.

Galimoto ikamakokera kumanzere, kawirikawiri vuto limakhala kumanja. Chotsani tayala lakumanjalo, gwetsani drum, pisani chala pa ma shoe, zokhuza m'kati mwa drum zomwe zimaimitsa wilo. Mukapeza phala lakuda lonanda, lonunkha oyilo wa giya, ndiye kuti seal ya pa hub inatha ndipo oyilo wanyowetsa ma shoe. Amenewo musawatsuke ndi petulo monga amachitira ena, tayani, mugule atsopano a mbali zonse ziwiri. Seal imeneyo muyenera kuisintha ndithu ngakhale mutapita ku ma disc, chifukwa oyilo yemweyo adzawononganso ma pad, omwe amapana disc. Onaninso ma cylinder okankha ma shoe: 109 ili ndi awiri pa wilo lililonse lakutsogolo, limodzi likagwira dzimbiri galimoto imakokanso chimodzimodzi.

Ndinene mosabisa, ma drum a mainchesi 11 akakhala ochunidwa bwino amamanga matayala mpaka kukhululuka pa tala. Pamenepo disc singakuwonjezereni kanthu, chogwira msewu ndi tayala. Phindu la disc lili pena. Mukamatsika mtsetse wa ku Marongora kulowera ku Mana Pools, kapena Christmas Pass ya ku Mutare mutasenza katundu, drum imatentha, imafufuma n'kutalikirana ndi ma shoe, phazi lanu n'kumangolowa pansi. Disc ili pamtetete, mphepo imaiziziritsa. Madzi ndi matope imazitaya ikangozungulira pang'ono, pomwe drum imasunga mchenga m'kati n'kumadya ma shoe. Komanso mwapuma ntchito yogwada ndi sipanala kuchuna mabuleki. Ngati galimotoyo imangoyenda Mufakose ndi m'tauni ya Harare, ndalamazo gulirani matayala. Koma poti mwati mumapita nayo kumudzi kudzera pa chipata cha malire cha Nyamapanda itadzaza mpaka pamwamba, sinthani.

Kumbuyo ndikukanizani chifukwa ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imagwiridwa ndi mawilo akutsogolo. Kumbuyo kukagwira mopitirira, makamaka galimoto ili yopanda katundu pa msewu wonyowa, matayala akumbuyo amayamba kumanga, galimoto n'kutembenuka. A Land Rover eniake atatulutsa 110 mu 1983 anaika ma disc kutsogolo, kumbuyo n'kusiya ma drum kwa zaka zingapo. Handibuleki yanu ilibe nazo kanthu zonsezi, ili ndi drum yakeyake kuseri kwa transfer box.

Tsono pogula. Wina akuuzani kuti ingoikani ekiselo ya Defender. Si zongomangirira ayi: ndi yotalikirapo, inapangidwira ma coil pomwe yanu imakhala pa masipuling'i amasamba, ndipo zachiwongolero sizigwirizana. Pezani kit yopangidwira Series, ndipo musanalipire funsani kuti ma pad ndi ma disc ake ndi a galimoto yanji. Ngati ndi a Defender, mudzawapeza mu Kaguvi Street kapena ku Graniteside osavutika. Ngati ndi apaderadera, mudzaimika galimoto kudikira katundu wochokera kunja. Werengeraninso msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe. Amisiri a ku Magaba ndi ku Gazaland ndimawapatsa ulemu, manja awo ndi odala, koma chitsulo chogwira caliper (chopanira ma pad pa disc) sichoyezera ndi maso n'kuwotcherera. Chikapendekeka pang'ono ma pad amatha mbali imodzi, chikathyoka mulibe buleki.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa master cylinder, pampu yomwe imakankha mafuta a mabuleki mukaponda. Caliper imafuna mafuta a mabuleki ambiri, ndipo ma pad akamatha mafuta amatsika, choncho pamafunika master yogwirizana nayo ndi kabotolo kokulirapo. Ma master ena a drum ali ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi. Pa disc kameneko kamachititsa ma pad kukhuza nthawi zonse, wilo n'kumatentha. Suzumirani muone ngati pa master yanu pakutuluka paipi imodzi kapena ziwiri. Ikakhala imodzi, ino ndiyo nthawi yoika ya ziwiri, kuti kwina kukaphulika kwina kutsale. Booster, yomwe imaonjezera mphamvu ya phazi pogwiritsa ntchito vacuum ya injini, nayo njofunika, popanda iyo ma disc amalimba kuponda kuposa ma drum. Ngati injini ndi ya dizilo, funsani makaniko kuti vacuum ichokera kuti.

Malimu anu a mainchesi 16 muwayeze pa caliper musanamange zonse, ena amakhuza m'kati. Mapaipi a labala gulani atsopano, mafuta thirani DOT 4, ndipo kabawuti kochotsera mpweya kakhale pamwamba pa caliper. Mukasinthanitsa yakumanja ndi yakumanzere mudzapopa tsiku lonse buleki ili phwafuphwafu.

Mukamaliza, kaiyeseni Lamlungu m'misewu ya ku Workington kulibe magalimoto, yopanda katundu kenako yodzaza, muone kuti kumbuyo sikuyamba kumanga. Auzeninso a inshuwalansi kuti mwasintha mabuleki, ndipo malisiti a kit muwasunge m'galimoto momwemo mukamapita ku VID, koyeza magalimoto.