Agogo anu anamenya nkhondo ya Chiwaya n'kukalowanso mgodi mu 1952? Tiyeni tiwerengenso

Mayi wina wobadwira cha ku Malindi kwathu kuno ku Mangochi, amene pano akugwira ntchito ku Lilongwe, wanditumizira imelo yaitali ndithu, ndiye ndiifupikitsa. Banja lawo likufuna kumanga chiliza pa manda a agogo awo aamuna, bambo wa mayi awo. Amalume awo alemba mbiri yoti ikawerengedwe pa tsikulo, ina n'kuzokotedwa pa mwala. Mbiriyo ikuti gogoyo anabadwa mu 1880, anamenya nkhondo ya Chiwaya (nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918), kenako anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi, n'kudzamwalira mu 1979 ali ndi zaka 99. Koma mayiyu atatsegula sutikesi ya malemu mayi awo anapezamo khadi la ubatizo la mu 1934 ndi chitupa cha ku mgodi cha mu 1952, ndipo dzina la bambo wa gogoyo limene lili pa khadipo si limene amalume alemba. Akufunsa kuti akhulupirire ziti, zoona akazipeza kuti, komanso awauze bwanji amalumewo osautsa mkangano pa gulu la banja la pa WhatsApp.

Achemwali, musanakwere basi yopita kulikonse, yambani mwawerengera zaka. Munthu wobadwa mu 1880 akanakhala ndi zaka 72 mu 1952. A Wenela ankafuna anyamata ndi abambo a nyonga, ndipo munthu ankayamba wapimidwa ndi dokotala asanamulembe. Nkhalamba ya zaka 72 sakanaitumiza pansi pa mgodi. Ine ndikuona kuti pa pepala la amalume anu pali anthu awiri amene asanduka munthu mmodzi: wina wa nkhondo, wina wa ku mgodi. Ndipo sindikuganiza kuti amalume anama. Alemba zimene anamva, ndipo zimene anamvazo n'kutheka kuti zonse zinachitikadi, koma kwa anthu osiyana.

Zoterezi kwathu kuno n'zosadabwitsa. Ayao ndi Anyanja a m'mphepete mwa nyanja muno timatsata kuchikazi. Mwinimbumba akatisiya, amene amalowa m'malo mwake ndi mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo nthawi zambiri amalowa ndi dzina lomwe. Taonani za mafumu. Mponda amene David Livingstone anamupeza kuno mu 1866 si Mponda amene Harry Johnston analimbana naye mu 1891, pamene atsamunda ankamanga linga la Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi), ndipo si Mponda wa lero. Wina atasonkhanitsa zonse zimene a Mponda anachita n'kuzilemba ngati za munthu mmodzi, tingakhale ndi mfumu ya zaka zoposa 150. Pa ufumu timadziwa kuti dzina ndi limodzi koma anthu ndi ambiri. Pa mabanja athu ndi pamene timaiwala. Wolowa dzina uja amatenganso maitanidwe: ana a malemu amayamba kumutchula kuti bambo, adzukulu kumutchula kuti agogo. Pakapita mibadwo iwiri, mdzukulu akamva kuti "agogo ako anapita ku nkhondo ya Mjeremani" sadziwa kuti akunena za amalume a agogo akewo.

Mpamene dzina la pa khadi lija likubwera. Ngati msilikaliyo anali malume wa agogo anu, ndiye kuti dzina lachilendo limene mwaliona pa khadipo lingakhale la bambo wawo wowabereka, mkamwini amene anabwera kudzakwatira pamudzipo, mwina n'kudzachoka, mbumba n'kumuiwala. Akamwini ndiwo amasowa msanga pa mndandanda wa makolo athu.

Vuto lina ndi lotembenuza lomwelo: munthu mmodzi, mayina anayi. Dzina la paubwana, dzina lotuluka nalo ku jando, dzina la ubatizo kapena la Chisilamu, ndi dzina limene anakalembetsa kwa mzungu ku ntchito. Onjezanipo akalaliki amene ankalemba monga khutu lawo lamvera. Saidi apa, Said apo, Sayidi kwina. Yusufu asanduka Usufu. L ndi r kusinthana mmene afunira. Dzina lachiwiri nalonso silinali lokhazikika ngati lero. Ena ankatenga dzina loyamba la bambo awo, ena la malume amene ankawalipirira sukulu, ndipo tonse tikudziwa za anthu amene anabwereza Sitandade 8 ndi dzina la m'bale wawo n'kukhala nalo mpaka kupuma ntchito. Choncho mukamafufuza musakakamire kalembedwe. Gwirani mudzi, dzina la mayi, dzina la mkazi ndi mayina a abale ake. Zimenezi zikagwirizana, ndi yemweyo.

Tsopano za mapepala. Ambiri amaganiza kuti chilichonse cholembedwa, makamaka chodindidwa chidindo, ndiye choonadi chenicheni. Ayi. Pepala lililonse limadziwa bwino chinthu chimodzi, chimene wolembayo anaona ndi maso ake tsiku limenelo. Wansembe wa mu 1934 anaonadi munthu akubatizidwa, ndiye tsiku la ubatizo likhulupirireni. Koma kubadwa kwa munthuyo sanakuone. Ngati analembapo chaka chobadwa, anachita kuuzidwa kapena anangoyang'ana msinkhu. Ndipo musatenge chaka cha ubatizo ngati chaka chobadwa, chifukwa ku mishoni za UMCA, za mpingo wa Anglican, anthu ambiri ankabatizidwa ali anyamata kapena akuluakulu, atatha zaka akuphunzira m'kalasi. Chimodzimodzi kalaliki wa Wenela: chaka chimene munthu analembedwa ntchito ndi choona, zaka zake zobadwa ndi zongoyerekeza. Za dzina la bambo, khadi lili ndi mphamvu kuposa pepala la amalume, chifukwa amene anatchula dzinalo mu 1934 anali mwiniwakeyo kapena makolo ake. Komabe nalonso lifunika mboni yachiwiri, poti mwana wolera amatha kutchula womulera.

Musataye nthawi kufunafuna chiphaso cha kubadwa. Lamulo la atsamunda la mu 1904 linkakakamiza kulembetsa ana a anthu amene sanali Aafirika okha. Ife eni dziko sitinkawerengedwa. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kwakhala kokakamiza kuyambira mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinalembetsa mu 2017. Okalamba ambiri pa kalembera ameneyo anangotchula chaka chimene chinabwera m'mutu, ndiye chaka cha pa chiphaso cha azakhali anu si umboni wa kanthu.

Khadi muli naloli ndi kope chabe. Chenicheni ndi kaundula wamkulu wa ku tchalitchi kumene analikopera. Pitani ku parishi ya Anglican ku Malindi, kapena ku Mpondasi ngati ubatizo unachitikira kumeneko, mukapemphe wansembe akuonetseni buku la chaka chimenecho. Akakuuzani kuti mabuku akale anasamutsidwa, funsani ku likulu la dayosizi ya Upper Shire ku Malosa. Muyambe mwaimba foni, ndipo mupite nokha. Nkhani ngati iyi yotumira mwana siyenda. Akakulolani kujambula, jambulani tsamba lonse ndi chikuto cha bukulo, osati mzere wa agogo anu wokha. Chifukwa chake n'chakuti anthu a mudzi umodzi ankabatizidwa tsiku limodzi, ndipo mizere yoyandikana nayo imatha kukhala ya mlongo wawo, mkulu wawo, ngakhale mayi awo. Ngati abale atatu atchula bambo mmodzimodzi, nkhani yatha. Pemphaninso kaundula wa maukwati ndi wa maliro. Owerenga ena amene makolo awo anali Akatolika adziwe kuti mabuku akale a kumeneko ambiri analembedwa m'Chilatini, moti Yohane mukamupeza ali Joannes, ndipo ukwati wa munthu umalembedwanso m'mbali mwa mzere wa ubatizo wake, chimene chimathandiza kwambiri kulumikiza anthu.

Za msilikali uja, funsani kaye m'banjamo ngati pali amene akusunga mendulo. Mamendulo a Britain a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anali ndi nambala, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake, pamene a nkhondo yachiwiri ambiri alibe dzina. Mukapeza nambala mwapeza poyambira. Mukapanda kupeza, musafulumire kunena kuti nkhaniyo ndi yabodza. Amene anapita ku nkhondo imeneyo monga asikari a Keyala (gulu la King's African Rifles) anali ochepa poyerekeza ndi amtengatenga, anthu amene ankagwidwa m'midzi kukasenza katundu, ndipo Fort Johnston linali doko limene asilikali ndi katundu ankakwerera sitima kupita ku Karonga. Amtengatenga ambiri mayina awo sanasungidwe, ngakhale amene anafera konko. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ofera ku nkhondo, linavomera lokha mu 2021 kuti Aafirika ochuluka sanakumbukiridwe ndi mayina awo. M'banja, mtengatenga ndi msilikali onse timangoti "anapita ku nkhondo".

Ku Zomba kuli National Archives, nyumba yosungira mapepala akale a boma, imene inayamba mu 1947. Kumeneko musayembekezere kutchula dzina la agogo n'kupatsidwa fayilo. Mapepala anasanjidwa potsata maofesi a boma, ndipo boma lathu lino la Mangochi mukalifune ndi mayina ake akale, South Nyasa ndi Fort Johnston. Dziwaninso kuti moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919, ndiye zambiri za zaka za m'mbuyo mwake zinapsa. Zimene zingakuthandizeni ndi mabuku amene ma DC ankalembamo za midzi, nyakwawa ndi mafumu, komanso mabuku a milandu. Ngati dzina lolowana lija linali la unyakwawa, mukhoza kuona chaka chimene wina anamwalira wina n'kulowa. Koma muwerenge mochenjera. DC ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo amene ankamufotokozera mibadwo ya ufumu anali ndi mbali yawo pa nkhaniyo. Ine ulendo wa ku Zomba ndingauike kumapeto.

Chimene ndingafulumire nacho, ngakhale musanapite ku parishi, ndi amayi okalamba a pamudzi panu. Mabuku adikira, iwo sadikira. Pa nkhani ya kuti uyu anabadwa kwa yani, anayamwa bere la yani, amayi amenewa amaposa kaundula aliyense, ndipo kwa abale anu a Chisilamu, amene alibe buku la ubatizo, ndiwo mboni zazikulu. Chimene sadziwa ndi zaka za pa kalendala, ndiye musawafunse kuti "anabadwa chaka chanji". Afunseni kuti pa njala ya 1949 agogo anali atakwatira kale kapena ayi, anali ndi ana angati. Pamene sitima ya Vipya inamira mu 1946 anali pamudzi kapena ku ulendo. Pa nkhondo ya a Chipembere mu 1965, imene anthu a ku Malindi sangaiiwale, tsitsi lawo linali litachita imvi kapena ayi. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita ku migodi, iwo anali atasiya liti maulendo. Ndipo funso lalikulu: dzina limeneli analitenga kwa yani, asanalitenge ankatchedwa ndani? Muwafunse mmodzimmodzi, aliyense payekha, chifukwa pagulu onse amangovomereza zimene wanena wamkulu. Jambulani mawu pa foni atakulolani, mulembe tsiku ndi amene walankhula.

Mukayamba kukonza mndandandawo, pepala la amalume musalifufute kapena kulitaya. Lembani lanu pambali, ndipo pa mfundo iliyonse muonetse kumene yachokera: iyi ya m'kaundula wa ubatizo tsamba lakuti, iyi ananena ndi azakhali akuti, iyi ndikungoganiza ine. Yesaninso mibadwo yonse ndi masamu aja, makamaka kwa amayi. Mukapeza mayi amene akuoneka kuti anabereka ali ndi zaka 8 kapena 60, dziwani kuti pali m'badwo umene wadumphidwa kapena mayi wamng'ono walembedwa ngati mayi wobereka.

Za amalume tsopano. Pa WhatsApp ayi, chonde. Munthu wamkulu, mwinimbumba, kumutsutsa pamaso pa adzukulu ake ndi zithunzi za mapepala, ngakhale mukhale olondola chotani, adzaumirira basi. Pitani kwawo, kapena dikirani mukabwera kumudzi, mukhale pansi awiri. Musayambe ndi zakuti alakwitsa. Aonetseni khadi ndi chitupa, muwafunse kuti, "Amalume, dzina ili ndalipeza apali ndi la ndani? Nanga amene anapita ku nkhondo uja sangakhale amalume awo a agogo?" Kawirikawiri akuluakulu akaona dzina loiwalika amayamba kukumbukira okha. Zikatsimikizika, asiyeni iwo akauze banja. Msilikali uja sakuchoka m'banja mwanu, akungobwerera pa m'badwo wake. Chenjezo langa ndi limodzi: ngati dzinalo likukhudza unyakwawa kapena minda, dziwani kuti pepala lanu ena adzafuna kulitengera ku bwalo, ndiye musagawe zongoganiza ngati zotsimikizika.

Pa mwala pazokotedwe zimene mukuzidziwa: dzina, ndi chaka chomwalira cha 1979, poti amene anaika malirowo alipo. Chaka chobadwa, ngati kaundula sakupatsani, lembani kuti "cha m'ma" chaka chimene umboni ukuloza, kapena chisiyeni. Wozokota uja muuzeni lero lomwe kuti 1880 ndi 99 ayambe waima nazo mpaka mutabwerako ku Malindi.