Kodi sitima ya pamtunda ili ndi tsogolo?

Owerenga wina wa ku Balaka wandilembera pa imelo. Akuti amaonera pa foni sitima za ku China ndi ku Japan zothamanga modabwitsa, pomwe kwathu kuno njanji zina zinamera tchire. Ndiye akufunsa: kodi sitima ili ndi tsogolo, kapena ndege ndi mathiraki zidzaimaliza?

Achimwene, tsogolo ilinalo, lalikulu ndithu. Koma sitima zomwe mumaonera pa fonizo si zomwe zidzasinthe moyo wa mayiko ambiri.

Japan ndi amene adayamba sitima za liwirozi, mu 1964, ndi Shinkansen pakati pa Tokyo ndi Osaka. France adatsatira mu 1981. China adatsegula njanji ya Beijing ndi Tianjin mu 2008, ndipo lero ali ndi makilomita oposa 40,000 a njanji za liwiro, kuposa mayiko ena onse kuphatikiza pamodzi. Muno mu Africa, Morocco ndi amene adayamba kukhala nayo, mu 2018. Sitima zoterezi zimapindula pomwe pali mizinda ya anthu mamiliyoni yotalikirana makilomita mazana angapo: munthu amakwerera pakati pa tawuni n'kukatsikira pakati pa tawuni ina, osataya maola pabwalo la ndege. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ngakhale Britain, dziko lomwe sitima idabadwira, mu 2023 idasiya gawo la njanji ya liwiro ya HS2 lopita ku Manchester ndalama zitakwera mopitirira muyeso.

Kwa ine nkhani yeniyeni ndi katundu. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limayenda mopepuka kwambiri kuposa tayala pa phula, n'chifukwa chake injini ziwiri kapena zitatu zimakoka katundu yemwe akanafuna mathiraki ochuluka zedi, mafuta ake ochepa, msewu osakumbika. Inu a ku Balaka simufunika kuuzidwa. Imani pafupi ndi Nkaya sitima ya malasha ikamadutsa: nthaka imanjenjemera, mabogi n'kumangobwera, mpaka kuwerenga kumakusokonekerani mchira usanaoneke. Njanji imeneyo, ya makilomita 912 kuchokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize ku Mozambique kudutsa m'dziko muno mpaka ku Nacala, idamangidwa ndi kukonzedwa ndi kampani ya Vale chifukwa panali katundu wotsimikizika woti anyamulidwe tsiku ndi tsiku. Popanda malashawo palibe akanaika ndalama zotero.

Chomwecho chikuchitikanso ndi kopa. Dziko lapansi likufuna kopa ndi cobalt wa mabatire a galimoto zamagetsi, ndiye America ndi European Union akuthandiza njanji ya Lobito ku Angola, yotulutsa miyalayi kuchokera ku Congo, pomwe China mu 2024 adagwirizana ndi Zambia ndi Tanzania zokonzanso njanji ya TAZARA yolumikiza mayiko awiriwa, ija ya makilomita 1,860 yomwe adamanga m'ma 1970.

Apa mpomwe ndimada nkhawa. Njanji yomangidwa ndi ngongole katundu asanapezeke imasanduka mtolo. Kenya adatsegula ya Mombasa ndi Nairobi mu 2017 ndi ngongole ya ku China. Anthu okwera adaikonda, koma boma lidachita kukakamiza amalonda kuti makontena azikwera sitima, lamulo lomwe lidachotsedwa mu 2022, ndipo njanjiyo idakaima pafupi ndi Naivasha isanafike ku Uganda.

Palinso vuto lomwe ambiri saliganizira: kutalikirana kwa zitsulo ziwiri za njanji. Zatsopano za ku Kenya, Ethiopia ndi Tanzania ndi mamilimita 1,435, pomwe zathu, za ku Zambia ndi TAZARA ndi 1,067. Bogi la kuno silingakwere njanji yamagetsi ya Dar es Salaam ndi Dodoma, yomwe idayamba kunyamula anthu mu 2024. Katundu amayenera kutsitsidwa n'kupakiridwanso, ndipo phindu limathera pomwepo.

Dziko lomwe ndikanakonda tiliyang'anitsitse ndi India. Iwo adaika mphamvu zawo pa kulumikiza magetsi pafupifupi njanji zawo zonse zikuluzikulu komanso kumanga njanji zapadera za katundu yekha, kuti sitima ya simenti isamadikire ya anthu pa siteshoni. Ifenso, feteleza ndi mafuta zikamabwera pa njanji kuchokera ku Nacala ndi ku Beira sabata iliyonse mosadukiza, mtengo wa thumba ku Balaka udzamva kusiyana kwake.